Thabwa la benzene: zolemba za ntchito yosaka kumene 152 kJ imachokera

Lolemba, sabata yoyamba

Ntchitoyi yabadwira m'mapepala a mayeso amene ndinachonga mwezi watha. Funso linali loti afotokoze chifukwa chimene benzene, mphete ya ma carbon 6 ndi ma hydrogen 6, sachitira zinthu ngati alkene, ma compound okhala ndi double bond (kulumikizana kwa pawiri pakati pa ma carbon awiri). Pafupifupi onse analemba chiganizo chimodzimodzi, kuti benzene ndi wokhazikika chifukwa cha resonance, ndipo ambiri anawonjezerapo nambala ija, 152 kJ pa mole (mole ndi muyeso wa kuchuluka kwa ma molecule). Pobweza mapepala ndinafunsa kuti kodi 152 imeneyi anaiyeza ndani, ndi chida chanji. Kalasi yonse zii. Mmodzi anayesa kuti ndi kutentha kumene kumatuluka benzene akamapangidwa. Zinandiwawa, chifukwa ndi ana akhama, ndipo chimene analoweza si bodza ayi. Kungoti tinawapatsa denga tisanazike mizati.

Ndiye tagwirizana ndi ophunzira anayi amene adzipereka, atsikana awiri ndi anyamata awiri, pamodzi ndi bambo oyang'anira labu, kuti m'masabata asanu tipange zinthu zitatu. Thabwa lalitali lopachika pakhoma losonyeza mphamvu za ma molecule ngati makwerero, zoyerekezera za waya zogwirika m'manja, ndi timasamba tinayi tofotokoza nkhani yonse m'Chichewa. Zolembazi ndizilemba tsiku lililonse limene tagwira ntchito.

Lachinayi, sabata yoyamba

Lero tinali m'mabuku. Maganizo ake ndi osavuta. Ukaphatikiza hydrogen pa double bond, kutentha kumatuluka. Cyclohexene, mphete ya ma carbon 6 yokhala ndi double bond imodzi, akalandira H2 amasanduka cyclohexane ndipo pamatuluka pafupifupi 120 kJ pa mole. 1,3-cyclohexadiene (mwachidule diene), wa ma double bond awiri, amatulutsa 232. Benzene, amene timamujambula ndi atatu, amatulutsa 208 yokha, pamene kuchulukitsa 120 katatu kukanatipatsa 360. Onse atatuwa amakathera pa chinthu chimodzi, cyclohexane, n'chifukwa chake n'zotheka kuwayerekeza.

Koma mabuku atatu amene tili nawo sakugwirizana. Lina likuti 208, lina 206, lachitatu lakale lachikuto chong'ambika likuti 49.8. Mtsikana amene ndamupatsa udindo wa manambala anakwiya nazo ndithu, anati, "Aphunzitsi, ndiye loona ndi liti?" Tinakhala pansi ndi kalikyuleta. La 49.8 lili mu kilocalorie. Ukachulukitsa ndi 4.184 umapeza 208. Nambala zimenezi ndi za George Kistiakowsky ndi anzake ku Harvard, amene cha m'ma 1935 ndi 1936 anayeza kutentha kumeneku ma compound ali ngati mpweya, pa 355 K, kutanthauza 82 °C. Anapeza 28.6 ya cyclohexene, 55.4 ya diene ndi 49.8 ya benzene. Buku la 206 lawerengera pa 298 K pogwiritsa ntchito heat of formation, kutentha kolowa kapena kotuluka compound ikamapangidwa kuchokera ku ma element ake: benzene ali pa +83, cyclohexane pa −123, kusiyana kwake 206. Onse akunena zoona, kutentha kwa malo oyezera ndiko kwasiyana.

Chinandisangalatsa kwambiri ndi ichi. Mu kilocalorie, 28.6 katatu ndi 85.8, kuchotsapo 49.8 kutsala 36.0, yomwe ndi 150.6 kJ. Nanga 152 ija? Imabwera chifukwa 28.6 ndi 119.7 kJ, ndipo olemba amaikweza kukhala 120 asanachulukitse. Kakusiyana kakang'ono kachulukitsidwa katatu. Tagwirizana kuti pathabwa tigwiritsa ntchito 120, 232 ndi 208 popeza ndi zosavuta kuyeza ndi tepi, koma m'timasamba tilemba kuti mpatawo uli pakati pa 150 ndi 152.

Lachiwiri, sabata yachiwiri

Thabwa lafika. Ndi la paini, lotalika mamita awiri, akalipentala a pafupi ndi msika alipala bwino mbali imodzi. Tasankha kuti sentimita imodzi iziimira 2 kJ. Pansi penipeni takhoma msomali wa cyclohexane, pa ziro. Cyclohexene pa masentimita 60. Diene pa 116. Benzene pa 104. Pamwamba, pa 180, msomali wa mphete ya ma double bond atatu osadziwana, imene ikanatulutsa 360.

Nambala ukaiona papepala ndi ina, ukaiona pakhoma ndi inanso. Kuchokera pa msomali wapamwamba kutsika kufika pa benzene pali masentimita 76, kuposa mkono wa mnyamata amene amagwira tepi. Pamene diene, amene tikanamuyembekezera pa 120, ali pa 116. Watsika ndi zala ziwiri zokha. Ndiko kuti ma double bond awiri akayandikana amathandizanadi pang'ono, 8 kJ, ndipo zofananazo zimaoneka pa 1,3-butadiene amene amatulutsa 239 m'malo mwa 254. Koma chimene chikuchitika pa benzene si chithandizo chapang'ono chomwechi chitachulukitsidwa. Ndi chinthu cha mtundu wina.

Mnyamata wa tepi uja ndiye anayamba kuona chimene ine ndimafuna aone: msomali wa benzene uli m'munsi mwa msomali wa diene. Anayeza kawiri poganiza kuti talakwitsa. Sitinalakwitse. Kuti benzene alandire H2 yoyamba n'kukhala diene, ayenera kukwera masentimita 12, ndiko kuti 24 kJ. Alkene wamba akamalandira hydrogen amatsika phiri. Benzene pa sitepe yoyamba amakwera. Akangodutsa pamenepo, zotsalazo ndi kutsetsereka: 112 kufika pa cyclohexene, 120 kufika pansi. N'chifukwa chake ukamaphatikiza hydrogen pa benzene mwa njira wamba sukolola diene panjira. Amene wapangika samachedwa, amathamangira kutsogolo.

Tinalakwitsa chinthu chimodzi ndipo ndachilemba kuti chisabwerezedwe. Timakadi ta pamisomali tinangolembapo mayina okha. Mtsikana wachiwiri, amene salankhulalankhula, anafunsa kuti tikuyerekeza bwanji C6H6 ndi C6H12 pa makwerero amodzi pamene ma atomu ake si ofanana kuchuluka. Ali ndi mfundo. Khadi lililonse liyenera kunyamula hydrogen wake amene sanalowe: benzene ndi 3H2, diene ndi 2H2, cyclohexene ndi H2, kuti msomali uliwonse ukhale ndi ma carbon 6 ndi ma hydrogen 12. Tang'amba makadi onse, tilembanso.

Lachisanu, sabata yachiwiri

Mvula tsiku lonse, penti sanaume. Tangodula waya ndi kutsuka zitsekerero za mabotolo zimene zikhale ma carbon. Zakwana 60.

Lolemba, sabata yachitatu

Tsiku la mu labu. Kutentha kwa hydrogenation, kuphatikiza hydrogen kuja, sitingakuyeze kuno. Pamafunika calorimeter yabwino (chida choyezera kutentha kotuluka), hydrogen woyera ndi catalyst (chinthu chofulumizitsa ntchitoyo), ndipo ngakhale tikanakhala nazo sindikanalola benzene atsegulidwe pamaso pa ana. Amayambitsa khansa ya m'magazi, nkhani imeneyi ndi yodziwika. Bambo a mu labu anandiuza poyera kuti, "Aphunzitsi, botolo limenelo ine sinditsegula," ndipo ndinawathokoza. Tagwiritsa ntchito methylbenzene, amene ambiri amamutcha toluene, m'malo mwake. Mphete yake ndi yomweyo.

Machubu awiri, lililonse madzi a bromine pang'ono. M'loyamba tinadonthezamo cyclohexene n'kukhutchumula: mtundu wa lalanje uja unazimiririka nthawi yomweyo, pamwamba ndi pansi pomwe mbee. M'lachiwiri toluene. Apa panabuka chisokonezo chimene ndiyenera kuchilemba m'timasamba. Madzi apansi anayera ndithu, ndipo mnyamata wina anafuula kuti zatheka. Koma atakweza chubu kuloza pa pepala loyera anaona kuti mtundu wonse wasamukira m'kagawo ka pamwamba, wachita kuwirira. Bromine sanathe, wangosamuka, popeza amasungunuka bwino mu toluene kuposa m'madzi. Chinanso, bambo aja anatikumbutsa kuchotsa chubucho pawindo. Padzuwa bromine amagwira CH3 wa toluene, mtundu n'kuyamba kuchepa, ndipo munthu angaganize kuti mphete ndiyo yagonja.

Ndinawafotokozera kuti benzene akakakamizidwa ndi catalyst monga FeBr3 amalola bromine, koma mwa njira yake: amapereka hydrogen mmodzi, n'kulandira bromine mmodzi, mphete n'kutsala momwe inalili. Alkene amatsegula double bond n'kulandira ma bromine onse awiri. Ukayang'ana pathabwa chifukwa chake chikuoneka. Kutsegula mphete ija ndi kutaya masentimita ambiri amene benzene anatsika.

Funso labwino la lero: ngati benzene ndi 3H2 ali masentimita 104 pamwamba pa cyclohexane, bwanji sangotsika yekha? Yankho ndi lakuti thabwa lathu limasonyeza poyambira ndi pothera, silisonyeza chitunda cha pakati. Cyclohexene amalandira hydrogen pa palladium kapena platinum popanda kutenthetsa. Benzene amafuna zambiri. Paul Sabatier ndi Jean-Baptiste Senderens ku Toulouse anakwanitsa mu 1901 pomudutsitsa pa nickel wotentha, ndipo Sabatier analandira mphoto ya Nobel mu 1912 chifukwa cha njira imeneyi. Mpaka lero mafakitale amapanga cyclohexane wambiri motero, pa moto ndi pa mpweya wopanikizidwa, ndipo wambiri mwa iye amakathera ku nayiloni.

Lachitatu, sabata yachitatu

Lero ndiye tafika pa mtima wa ntchito yonse, ndipo sitinakhome msomali ngakhale umodzi. Tinangokangana.

Anayambitsa ndi mtsikana wa manambala. Ankalemba khadi la msomali wapamwamba, la cyclohexatriene, ndipo anafuna kudziwa kuti Kistiakowsky anapeza zingati pa ameneyu. Ndinamuuza kuti sanamuyeze. Palibe amene anamuyezapo. Kulibe botolo lake padziko lonse. Anaika cholembera pansi. "Ndiye aphunzitsi, tikukhomera msomali chinthu choti kulibe?"

Inde, ndipo ndi chimene ndakhala ndikufuna kuti chimveke kuyambira tsiku loyamba. Pathabwa pathu misomali itatu ndi yoyezedwa: 120, 232, 208. Wachinayi, wa 360, ndi wowerengera chabe. Tauika pamenepo ife, potengera ganizo lakuti double bond iliyonse m'mphete yongoganizirayo ikanachita ngati ya cyclohexene. Choncho 152 si kutentha kumene wina anakuona pa thermometer. Ndi kutentha kumene tinkayembekezera koma sikunabwere. Zili ngati mlimi amene amati chaka chino ndataya matumba asanu: m'nkhokwe muli matumba amene angawerengedwe ndi dzanja, koma asanu otayikawo akuchokera pa zimene iye ankayembekezera kukolola. Ukasintha chiyembekezo, otayikawo asinthanso, ngakhale m'nkhokwe simunasinthe kanthu.

Kuti aone kuti si nkhambakamwa, tinasintha poyerekezera. Pali molecule yeniyeni ya ma carbon 6 ndi ma double bond atatu otsatizana, koma yosatseka mphete, 1,3,5-hexatriene. Imeneyi ilipo, ndipo mtundu wake wopindika umatulutsa pafupifupi 337 kJ. Ukayerekeza benzene ndi imeneyi mpata ukhala 129, osati 152. Kumeneku ndi kuyerekeza kwachilungamo pa mbali imodzi, chifukwa kwachotsa kachithandizo kaja kamene ma double bond oyandikana amapatsana ngakhale popanda mphete, n'kusiya chimene mphete yokha yawonjezera. Koma kuli ndi chilema chakenso: hexatriene amakathera pa hexane, osati cyclohexane, ndiye pansi pa makwerero pasintha. Michael Dewar ndi ena amene anatsata njira yoyerekeza ndi ma polyene otseguka, ma molecule a ma double bond angapo ngati hexatriene, ankapeza nambala yocheperanso, cha m'ma 80 mpaka 90 kJ.

Palinso nkhani ya utali wa ma bond. Single bond ya carbon ndi carbon ndi 154 pm (picometer, muyeso wa utali wa tinthu ting'onoting'ono ngati ma atomu), double ndi 134 pm. Mu benzene onse 6 ndi ofanana, pafupifupi 139 pm. Kathleen Lonsdale ku Leeds anasonyeza ndi X-ray mu 1929, pa hexamethylbenzene, kuti mphete ija ndi yafulati. Cyclohexatriene wathu wongoganizira akanakhala ndi mbali zitatu zazifupi ndi zitatu zazitali. Ndiye tikamati 152, tasakaniza zinthu ziwiri: phindu la ma electron kumwazikana, ndi mtengo wofinya ndi kutambasula ma bond kuti afanane. Palibe sikelo imene ingazilekanitse. Amazilekanitsa ndi mawerengero okha.

Mnyamata wina anataya mtima, anati ngati nambalayo imasinthasintha ndiye n'chifukwa chiyani tikuvutika nayo. Ndinamutengera pathabwa n'kumuuza kuti aphimbe msomali wapamwamba ndi chikhatho. Zotsalazo zonse ndi zoyezedwa, ndipo benzene akadali m'munsi mwa diene. Palibe poyerekezera paliponse pamene pangafafanize zimenezo. Kukhazikika kwake ndi kwenikweni; chimene chimadalira kusankha kwathu ndi kukula kwa nambala imene tikukupatsa.

Tagwirizana kuti misomali itatu yoyezedwa tiipaka penti wofiira, wapamwamba uja woyera, ndipo mzere wake ukhala wodukaduka.

Lachiwiri, sabata yachinayi

Zoyerekezera za waya zatha. Zitsekerero tabowola pakati, waya wa single bond tadula masentimita 15.4, wa double 13.4, wa benzene 13.9. Mphete ya cyclohexatriene ikutuluka yopendekera, ukaiika pamwamba pa ya benzene makona sakumana. Ana akuikonda kuposa thabwa.

Vuto la lero ndi mawu. Kodi resonance tiitcha chiyani m'timasamba? Wina anati kusinthasintha, wina kugwedezeka. Ndakana onse awiri, chifukwa ndi bodza lomwelo limene ndikufuna kulizula. Ambiri akaona zithunzi ziwiri za Kekulé, mphete ya benzene yojambulidwa kawiri ma double bond atasinthana malo, ndi muvi wa mitu iwiri pakati amaganiza kuti benzene amadumpha, pano ali uku, pano ali uko. Sindiwadzudzula, popeza August Kekulé mwiniwake, amene anabweretsa mphete mu 1865, ananena zofanana ndi zimenezo mu 1872. Anali ndi vuto loti athetse: ma double bond akanakhala okhazikika malo amodzi, pakanakhala mitundu iwiri ya 1,2-dibromobenzene, wina ma bromine ali pa double bond, wina pa single, koma amapezeka mmodzi yekha. Nthawi imeneyo electron inali isanadziwike. Mafotokozedwe a resonance amene timaphunzitsa anabwera ndi Linus Pauling ndi George Wheland mu 1933, ndipo sanena za kudumpha. Molecule ndi imodzi, yokhala phee. Zithunzi ziwirizo ndi kuperewera kwa kajambulidwe kathu ka mizere.

Mtsikana wosalankhulalankhula uja anapereka fanizo la chimanga cha haibridi: sichikhala kholo lina m'mawa, kholo lina madzulo, ndi chimanga chimodzi nthawi zonse. Ndalilandira, koma ndi chenjezo lolembedwa pansi pake. Makolo a haibridi alipo, ungawadzale padera. Zithunzi za Kekulé sungazidzale. Palibe tsiku limene zinakhalapo.

Fanizo limene landikhutiritsa ndi la nkhata. Carbon aliyense m'mphete ali ndi p orbital (malo okhala electron) yoimirira, imodzi, ndipo iliyonse ikukhudzana ndi ya kumanja ndi ya kumanzere mofanana. Ma electron 6 sali awiriawiri m'makona atatu, azungulira mphete yonse, pamwamba ndi pansi. Amene anasenzapo ndowa yamadzi amadziwa kusiyana kwa nsanza yongounjika malo atatu ndi nkhata yopota bwino yozungulira. Nsalu ndi yomweyo, kakhalidwe ka katundu ndi kena. Mawu akuti resonance tiwasiya momwemo, popeza ndi amene akakumane nawo pa mayeso, ndipo pambali pake tilemba kuti kumwazikana kwa ma electron.

Lachisanu, sabata yachinayi

Ndinkadziwa kuti fanizo la nkhata litibweretsera funso, ndipo labwera. Ngati chinsinsi ndi kuzungulira, ndiye mphete yaikulu ya ma double bond anayi iyenera kukhazikika koposa. Richard Willstätter anafuna kuona zomwezo ndipo mu 1911 anapanga cyclooctatetraene, C8H8, kuchokera ku mankhwala opezeka m'khungwa la mtengo wa makangaza. Chimene anapeza chinali alkene wamba: amameza bromine msangamsanga, amalandira hydrogen mosavuta. Anthu ena anakayika ngati anapangadi chinthu choyenera, mpaka Walter Reppe ku Germany atachipanga chambiri m'zaka za m'ma 1940 kuchokera ku acetylene, gasi yemwe uja wowotcherera zitsulo, n'kupeza kuti Willstätter sananame.

Manambala akugwirizana nazo. Cyclooctene amatulutsa pafupifupi 97 kJ. Kanayi ndi 388. Cyclooctatetraene amatulutsa pafupifupi 410. Palibe kutentha kosowa, kwachita kupitirira. Ndipo mphete yake si yafulati, yapindika ngati beseni, ma bond aafupi ndi aatali akusinthana. Tayesa kuipanga ndi waya, yakana kugona patebulo.

Apa ndi pamene resonance ya zithunzi ziwiri imaperewera, chifukwa cyclooctatetraene nayenso ungamujambule kawiri. Chimene chimalongosola ndi mawerengero a Erich Hückel a mu 1931. M'mphete yafulati ma orbital amasanjika motere: limodzi pansi, kenako awiriawiri. Kuti masitepe adzaze popanda lotsala theka pamafunika ma electron 2, 6, 10, 14, chimene timachilemba 4n+2. Benzene ali ndi 6, wadzaza ndendende. Wa 8 akanakhala wafulati akanatsala ndi ma electron awiri osakwatirana, ndiye amapindika kuti athawe zimenezo. Ukamupatsa ma electron awiri kuchokera ku potassium kuti akwane 10, amawongoka n'kukhala wafulati. Cyclobutadiene, wa ma electron 4, ndiye wosakhazikika kotheratu, sasungika m'botolo. Rowland Pettit mu 1965 anachita kumugwira atamangiriridwa ku chitsulo.

Tinajambula pabolodi njira ya Frost, kuika mphete m'kati mwa mkombero kona imodzi italoza pansi, kuti makonawo asonyeze masitepe a ma orbital. Mphindi khumi zokha, onse anayi anaitola. Pa mawerengero a Hückel benzene amapambana ma ethene atatu (ethene ndi alkene wa double bond imodzi) ndi 2β, β kukhala muyeso wa mphamvu m'mawerengerowa, pamene butadiene amapambana awiri ndi 0.47β yokha. Izi tiziika kumapeto kwa tsamba lachitatu kwa ofuna kupitirira. Sindikufuna zitsekereze nkhani yaikulu.

Cyclooctatetraene sakwera pathabwa lathu chifukwa amakathera pa cyclooctane. Timujambula papepala lapadera.

Lolemba, sabata yachisanu

Mphete zolumikizana. Bambo a mu labu anabweretsa kabotolo ka naphthalene, ndipo atangotsegula wina anati fungo la musutikesi ya agogo. Ndi yemweyo, timibulu toyera tothamangitsa njenjete m'zovala, ngakhale tina ta masiku ano ndi ta mankhwala ena.

Mabuku amapereka pafupifupi 255 kJ pa naphthalene wa mphete ziwiri, cha m'ma 350 pa anthracene wa mphete zitatu zondondozana, ndi cha m'ma 380 pa phenanthrene wa mphete zitatu zokhota. Ana anagawa okha: naphthalene safika 304 imene ma benzene awiri akanapereka, ndipo mphete iliyonse ya anthracene ikupeza zosakwana 120. Zotsatira zake zimaoneka m'machitidwe. Naphthalene amalandira hydrogen mosavuta kuposa benzene, koma amakonda kuima pa tetralin, pamene mphete imodzi yadzaza hydrogen ndipo inayo yatsala benzene wathunthu. Kuti upitirire kufika pa decalin uyenera kukankha kwambiri. Anthracene amagwidwa pakati, pa malo 9 ndi 10, chifukwa akatero kumatsala ma benzene awiri athunthu uku ndi uku.

Ndinawakumbutsa kuti manambala onsewa ndi a penti woyera. Aliyense ali ndi msomali wake wongoganizira. N'chimodzimodzinso ndi a pyridine, thiophene, pyrrole ndi furan, amene mabuku amasiyana kwambiri. Chimene ndingalembe molimba mtima ndi chakuti onse ali pansi pa benzene ndipo furan ndiye wotsiriza. Tangolemba ndondomekoyo popanda manambala.

Lachinayi, sabata yachisanu

Tayesa zonse pa kalasi yathunthu. Ine ndinakhala kumbuyo, anayi aja ndiwo amaphunzitsa.

Mtsikana wa manambala anawonjezera chinthu chimene sindinamuuze. Anafuna umboni wachiwiri wa msomali wa benzene wosadalira Kistiakowsky, ndiye anatenga kutentha kwa kuyaka. Benzene wamadzi akapsa amatulutsa 3268 kJ pa mole, hydrogen 286, cyclohexane 3920. Anaphatikiza 3268 ndi 858 ya ma hydrogen atatu, 4126, n'kuchotsapo 3920. Inatsala 206. Anailemba pabolodi n'kuizunguliza, kenako anakagwira msomali wofiira uja osanena kanthu. Njira ina, zida zina, msomali womwewo kusiyana sentimita imodzi. Ndamupempha kuti mawerengerowa alowe pa tsamba lachiwiri.

Kenako ndinafunsanso funso langa lija la mwezi watha: 152 anaiyeza ndani? Mnyamata wa pabenchi lakumbuyo, amene sanali m'gulu lathu, anaimirira n'kunena kuti palibe, anayeza 208, inayo ndi mtunda wochokera pa msomali woyera. Ena anatsutsa, ndipo anakangana okhaokha kwa kanthawi akuloza pathabwa. Sindinalowererepo.

Sizinayende zonse. Gawo la Hückel linathamanga, ndipo ndinaona nkhope zambiri zitasochera pamene mkombero wa Frost unatuluka. Liyenera kukhala phunziro lapadera. Anthu a kumbuyo sankatha kuwerenga makadi, zilembo zachepa. Komanso awiri anasokoneza kukhazikika ndi kusayaka. Mmodzi anafunsa ngati benzene sagwira moto. Amagwira, kwambiri, ndi lawi lamwaye chifukwa cha kuchuluka kwa carbon. Ndiwonjezera ndime yofotokoza kuti tikamati wokhazikika tikumuyerekeza ndi msomali woyera, osati ndi utsi ndi madzi zimene amasanduka akapsa.

Zotsala: kulembanso makadi ndi zilembo zazikulu, kukonza tsamba lachitatu, kujambula pepala la cyclooctatetraene, ndi kumata nsonga za waya ndi tepi chifukwa zabaya kale chala cha munthu mmodzi. Akalipentala abwera Lachiwiri kudzapachika thabwa pakhoma la kumanzere kwa bolodi, ndipo ndawapempha kuti ziro akhale masentimita 20 kuchokera pansi kuti tsache lisamagunde msomali wa cyclohexane.